Satini Sagawika

Madiresi a pa ukwati wa Thandie ndinasoka ndine, ndipo mpaka lero ndikaukumbukira ukwati umenewo malovu amandiwawa m'kamwa. Ine ndine Betty, telala, ndimasokera pakhonde la golosale ina ku Chilomoni. Thandie ndi mwana wa malemu mchimwene wanga. Mchimwene wangayo ndi mkazi wake anatsogola motsatizana, kusiya ana awiri aakazi m'kanyumba ka lendi ku Bangwe. Wamkulu, Eliness, anali Sitandade sikisi. Sukulu anasiyira pompo, n'kuyamba kugulitsa nyemba ndi mpunga mumsika wa Bangwe kuti wamng'onoyo aphunzire. Ndipo Thandie anaphunziradi. Lero amagwira ntchito ku banki m'tauni, amavala nsapato zogogoda, ndipo akamalankhula nanu maso amakhala pa foni.

Mwamuna anamupeza ku Kanjedza, dzina lake Godfrey, wa kubanja la mpanda wa njerwa ndi agalu odya nyama. Nkhani ya ukwati itapsa, Eliness anapempha chinthu chimodzi chokha, ine ndili pomwepo.

"Iwe Thandie, ine chibadwire sindinavalepo diresi lalitali. Undiike pa mzere wa operekeza, ndivine nawo mastepe. Basi, sindipemphanso china."

Thandie anati, "Palibe vuto, achemwali," maso ali pa foni.

Mzere wa operekeza mukuudziwa: anyamata ndi atsikana ovala zofanana, olowa mu holo awiriawiri akuvina patsogolo pa akwati. Mzere wa Thandie unali wa atsikana seveni ndi anyamata seveni. Atsikanawo anali anzake a kuntchito ndi a ku koleji, a zikhadabo zazitali zoti sangatsuke nazo ngakhale kapu. Wachiseveni ndiye anali Eliness. Nsalu yake yobiriwira anakagula yekha ku Limbe, ine n'kumusokera. Tsiku loyesa anaima pagalasi langa losweka pakona lija n'kumangodziyang'ana, kenaka anaseka ngati kamwana.

Tsono wophunzitsa mastepe anali Hawkins, mnzake wa Godfrey. Asa! Munthu wowonda ngati ndodo ya mopu, thalauza lothina, wezulo pakhosi. Mkati mwa sabata amaphunzitsa masamu pa kasukulu kena kapulaiveti kopanda ndi bwalo lomwe, ndipo pa chifukwa chimenecho ankafuna kuti tizimutchula kuti Pulofesa. Pulofesa wake uti, wa ana a Sitandade foro? Ankachititsa mapulakatisi madzulo kuseri kwa golosale, pafupi ndi makina anga, ndiye zonse ndinkaziona ndi maso angawa.

Anaika lamulo lake loti wochedwa aliyense aziyankha funso asanalowe pa mzere. Nanga wochedwa akanakhala ndani? Enawo ankabwera pa magalimoto a zibwenzi zawo. Eliness ankayamba walongedza nyemba zake, n'kukwera maminibasi atatu, ya ku Limbe, ya m'tauni, ndi ya ku Chilomoni, n'kufika thukuta lili kamukamu.

"Achemwali athu afika!" anatero Hawkins tsiku lina, ataimba wezulo. "Tiuzeni, kilo ya thonje ndi kilo ya misomali, cholemera kwambiri n'chiti?"

Eliness, akupumira m'mwamba, anati, "Misomali."

Kuseka kwake! Atsikana aja anachita kugwirana mapewa. Hawkins anatambasula manja ngati m'busa n'kufotokoza kuti kilo ndi kilo basi, zonse n'zofanana. Inenso pamakina pangapo ndikanayankha misomali yomweyo. Nanga munamvapo kuti munthu wathyoka khosi ndi thonje?

Tsiku lina anamufunsa kuti ziro poyinti faifi ndi ziro poyinti thu faifi, nambala yaikulu ndi iti. Eliness anaganiza kaye, n'kunena kuti yachiwiriyo, poti ili ndi thwente faifi. Anasekanso. Ati yoyambayo ndi hafu, yachiwiriyo ndi kota chabe. Ndiye bwanji osangofunsa za hafu ndi kota ngati munthu? Ayi, iye ankafuna chizungu cha poyinti kuti wina agwe. Chimene chinandiwawa si Hawkins, chitsiru chimaseka chilichonse. Chinandiwawa n'choti Thandie nayenso anaseka, ataphimba pakamwa ndi dzanja la mphete lija. Eliness anaona, koma anangolowa pa mzere n'kuyamba kuvina. Ndipo ankavina bwino kuposa onsewo, ndikuuzeni zoona, chifukwa enawo ankavina ngati akuopa kuthyola zikhadabo.

Kutatsala masabata ochepa, mnyamata mmodzi wa pa mzere, Januario, anapeza ntchito yoyendetsa thiraki ku Tete, n'kunyamuka osatsanzika bwino. Anatsala anyamata sikisi, atsikana seveni. Madzulo ake Hawkins anabwera nkhope ili gwa ngati wanyamula uthenga wa maliro. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pa dothi.

"Tamverani nonse. Tsopano tilipo satini. Satini ndi odi namba. Mukatigawa awiriawiri, mmodzi atsala. Atatuatatu, mmodzi atsala. Anayianayi, mmodzi atsalabe. Ngakhale sikisi sikisi, mmodzi atsala. Komanso satini ndi pulayimu namba, kutanthauza kuti sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula wani ndi iye mwini. Ndi nambala yamwano. Pomwe thwelofu ndi nambala yaulemu, imalola pawiri, patatu, panayi, pasikisi, fomeshoni iliyonse imene ndingafune."

Ankanena kuti "mmodzi atsala" uku akuyang'ana kumapeto kwa mzere kumene kunaima Eliness. Ine ndinaimitsa makina.

"Inu a Pulofesa, ndiye onjezani mnyamata mmodzi. Anyamata atha mu Chilomoni muno?"

"Anti, si nkhani yongotola munthu pamsewu."

"Sinditola pamsewu. Ndikubweretserani Obed."

Obed ndi wowotcherera zitsulo pafupi ndi ine pomwepo, mnyamata waulemu, woimba kwaya kutchalitchi kwathu. Mawa lake anabwera atasamba, atavala malaya oyera. Hawkins anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kundibwereka tepi yanga yoyezera. Ati pali lamulo la sayansi ya maso loti pa peyala iliyonse mnyamata azikhala wamtali kuposa mtsikana, apo ayi vidiyo imaoneka yopendama. Anawaimika onse kukhoma la golosale, mmodzimmodzi, opanda nsapato, akulemba mizere ndi khala pamwamba pa mitu yawo ngati akugula mbuzi.

Eliness anatengera bambo ake, ndi wamtali. Mzere wake unakhala pamwamba pa atsikana onse, ndipo mwa anyamata ndi awiri okha amene anamuposa. Awiriwo Hawkins anati sangawasunthe, anazolowerana kale ndi anzawo ovina nawo. Obed anamufika Eliness m'khutu. Hawkins analemba manambala awo awiri pakhomapo, pakati n'kujambulapo kachizindikiro kosongoka, ati kotanthauza kuti uyu waposa uyu. Obed anayang'ana khomalo, n'kuyang'ana ine, n'kubwerera ku zitsulo zake. Ndinachita naye manyazi mwana wa eni.

Ndinabweretsanso wina, Happy, wamtali bwinobwino. Ameneyo ati mapewa ake ndi aakulu, suti ya Januario simukwana. Ndinati ndikulitsa, ndi ntchito yanga. Ati nthawi yatha. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti ngakhale ndikanabweretsa mngelo wa muyezo wake, akanamupezera chifukwa.

"Masamu sanama," anatero Hawkins, akupukuta khala m'manja. "Njira yatsala ndi imodzi, kuchotsa wani kuti tikhale thwelofu. Ndipo pa manambala ali pakhomawa, amene watalikirana kwambiri ndi anzake akuoneka yekha."

Atsikana aja anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Ine ndinayang'ana Thandie, kudikira kuti atsegule pakamwa anene kuti uyu ndi mkulu wanga, chotsani wina. Anatseguladi.

"Achemwali, mwamva nokha. Si ine, ndi nambala. Komanso kukhitchini kukufunika munthu wodalirika, anthu aganyu aja amaba nyama."

Eliness anati, "Chabwino." Anangoti chabwino basi. Anawerama, n'kuvula nsapato zogogoda zimene anabwereka kuti azizolowera, n'kuvala masilipasi ake.

Ine mtima unandiphulika. "Iwe Thandie! Ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Amene wakusenza mpaka kufika ku bankiko ndi ameneyu, lero ukumutumiza kokalondera nyama?"

"Anti, chonde, musandiwonjezere sitiresi."

Sitiresi! Mxii. Mawu amenewa anawaphunzira ndi ndalama za nyemba. Ndinafuna kumuponyera sizasi, koma Eliness anandigwira mkono. Anapempha diresi lake, ndinamupindira bwinobwino m'jumbo, ati adzavala pa Khirisimasi kutchalitchi. Anakwera minibasi jumbo ili pamiyendo.

Thwelofu uja anavina masabata otsalawo, Hawkins akuwagawa pawiri, patatu, panayi, akuimba wezulo mpaka agalu a m'dera lonse kumauwa. Ine ndinatembenuza makina kuti ndiziwapatsa msana.

Ndiye Lachinayi la sabata ya ukwati kunatulukira Fletcher, msuweni wake wa Godfrey, wochokera ku Joni. Mayi ake a Godfrey analamula kuti mwana wa mlongo wawo sangabwere ulendo wonsewo n'kudzakhala pa benchi, alowe pa mzere. Kwa mayi a ku Kanjedza aja Hawkins sanatchule za pulayimu namba, anangoti, "Zitheka, mami." Ndinamuona Fletcher akutsika galimoto, munthu wamtali ngati polo ya magetsi, wochita kuwerama polowa m'golosale. Ndinawerenga ndekha: anyamata seveni, atsikana sikisi. Satini wabweranso, koma ulendo uno wosowa ndi mtsikana, ndipo mnyamata wotsalayo ndi wamtali kuposa aliyense.

Madzulo omwewo Thandie anandiimbira foni. "Anti, muwauze achemwali abwere kwanuko mawa masana ndi diresi lija."

Ndinalumpha, ine mayi wamkulu ndi mawondo angawa. Ndinati kani mwanayu mtima ali nawo, unangogona. Ndinamuimbira Eliness pompo. Poyamba sanakhulupirire, anandifunsa kawiri kuti wanena yekha Thandie? Ndinati wanena yekha, ndi pakamwa pake.

Lachisanu Eliness sanatsegule benchi yake. Anapita ku saluni m'mawa, anamuluka tsitsi lokwera pamwamba, lokongola zedi. Anafika kwa ine dzuwa lili pamutu, jumbo m'manja, nsapato zobwereka zija zilinso momwemo. Analowa kuseri kwa katani n'kutuluka atavala. Abale inu, anaoneka bwino mwana wa mchimwene wanga. Anandiuza monong'ona kuti mastepe sanaiwale, ankavinabe yekha m'nyumba akaweruka. Anandionetsa pakhonde pomwepo, akuwerenga chapansipansi, wani thu, wani thu, mpaka mwini golosale anatuluka n'kuomba m'manja.

Ali mkati movina, panaima galimoto. Anatsika Thandie, Hawkins, ndi kamtsikana kena koyera, kakafupi, kowonda, konunkhira perefyumu mpaka ku msewu. Thandie ataona mkulu wake ali m'diresi anaima kaye, kenaka anayang'ana kumbali.

"Anti, uyu ndi Joan. Ndi amene avine ndi Fletcher. Nsalu ija yatha m'masitolo monse ku Limbe, tazungulira. Ndiye timati muchepetse diresi la achemwalili kuti limukwane Joan. Likufunika lero lomwe."

Ndinamva ngati wandithira madzi a m'firiji kumsana. Ndinatembenukira kwa Hawkins.

"Iwe, Fletcher ndi Eliness wamtali ndani?"

"Ndi Fletcher, anti, koma..."

"Ndiye vuto lili pati? Si iwe unkalemba ndi khala pakhoma paja?"

Anakonza kolala. "Nkhani tsopano ndi avereji. Mukaphatikiza kutalika kwa atsikana onse n'kugawa ndi nambala yawo, mumapeza muyezo wapakati. Achemwaliwa akalowa, avereji ikwera, ndiye ena onse aoneka afupi pa vidiyo."

Ha! Dzulo vuto linali odi namba, lero ndi avereji, mawa akanati kuzungulira kwa dziko. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyu sindinamuonepo. Masamu ake anali ngati lamba wa thalauza, womasula ndi kumanga malinga ndi mimba ya amene wamudyetsa.

Eliness sanamuyang'ane n'komwe Hawkins. Anayang'ana mng'ono wake. "Thandie, ndiuze iweyo. Usanditumizire aphunzitsi."

Thandie anakanda foni ndi chikhadabo. "Bambo ake a Joan ndi bwana wanga, achemwali. Akubwera ku ukwati. Ndinamulonjeza Joan kalekale kuti mpata ukapezeka alowa. Mundimvetse."

"Mpata unapezeka liti?"

"Dzulo."

"Ndiye unandiitanira diresi."

Joan, kamwana kosalakwa kaya kopusa, kanagwira nsalu ya pamkono pa Eliness n'kunena kuti, "Ndi yokongola bwanji." Eliness anakayang'ana, n'kulowa kuseri kwa katani. Tinamva zipi ikutsika. Anatuluka atavala siketi yake ndi bulauzi ya kumsika, tsitsi lokha lili la ukwati, diresi atalipinda pamkono. Analiika pa makina anga.

Ine ndinati, "Sindidula. Apite nalo kwa telala wina. Sizasi yanga sigwira diresi limeneli."

"Anti, chepetsani," anatero Eliness. "Akapita kwina akaliwononga, ndipo nsalu yake ndi yabwino."

Thandie anapuma ngati watula mtolo. "Zikomo, achemwali, ndinadziwa kuti mumvetsa. Ndiye mawa mulawiretu, ophika akufika mbandakucha."

Eliness anatola jumbo yake yopanda kanthu n'kuipinda kanayi. "Mawa ndi Loweruka. Msika umadzaza."

Thandie anaseka, kuyesa nthabwala. Eliness anatsika pakhonde, n'kuwoloka msewu kupita pa siteji, osacheuka.

Ndinamuyeza Joan mano ndili kukukuta. Ndinadula m'munsi, ndinadula m'mbali, ndinadula m'mapewa. Nsalu imene inagwa pansi inali yokwana kusokera mwana siketi. Ndinasoka, ndipo ndinasoka bwino, chifukwa diresi likatuluka pakhonde panga limayenda ndi dzina langa. Koma ndinalira, ndisaname, ndinalira ndi ukali mpaka ulusi sindinkauona pa singano.

Ku ukwati ndinapita. Ndinati ndikaone ndi maso anga mathero a nzeru zimenezi. Holo inali ku Limbe, yodzaza, mabaluni mbwee. Fotini uja analowa awiriawiri, osatsala ndi mmodzi yemwe, Joan akumufika Fletcher m'chigongono. Za vidiyo yopendama palibe anatchula. Hawkins anaima pambali atavala suti yonyezimira, akugwedeza mutu ngati wapeza mankhwala a malungo. Anthu anakuwa, anajambula, bwana wa ku banki anaomba m'manja. Ine ndinakhala pa mpando wanga, chikwama pamiyendo.

Itakwana nthawi ya keke, mwambo wake ndi womwe uja: akwati amanyamula keke n'kukagwada pamaso pa makolo a mbali zonse ziwiri, kuthokoza amene anawalera. Anayamba kwa a Godfrey. Bambo ndi mayi a ku Kanjedza analandira, akumwetulira, makamera ali ng'aning'ani. Kenaka Thandie ananyamula keke yachiwiri, Godfrey ali pambali pake, n'kubwera mbali yathu. Anagwada pa simenti ndi diresi lake loyera patsogolo pa mpando umene anakonzera kholo la mkwatibwi. Pampandopo panalibe munthu.

Woyendetsa mwambo anakuwa pa maiki, "Kholo la mkwatibwi! Tamva kuti makolo anatsogola, koma alipo amene analera duwa limeneli. Mayi Eliness, tulukani kukhitchiniko, mwana wanu wagwada!"

Nyimbo inalira, anthu anaomba m'manja, maso onse ku chitseko cha kukhitchini. Sikunatuluke munthu. Anaitananso. Mayi wina wa komiti anathamangira kukhitchiniko, n'kubwerako akupukusa mutu. Woimba nyimbo anatsitsa voliyumu, ndipo manong'onong'o anayamba kuyenda m'matebulo, mpaka mayi a Godfrey anatembenuka kufunsa mnzawo kuti kodi mkulu wa mkwatibwiyo ali kuti.

Keke ija inali yolemera, ya masitepe awiri. Thandie anainyamulabe, ali chigwadire. Anayang'ana ku chitseko cha kukhitchini, anayang'ana ku chitseko chachikulu, ndipo ndinaona pankhope pake kuti tsopano wamva zimene anauzidwa dzulo pakhonde panga. Kenaka maso ake anandipeza ine. Milomo yake inati, "Anti," mopanda mawu, misozi itayamba kuchotsa zopakapaka zija.

Woyendetsa mwambo naye anandiona. "Kapena azakhali atilandirire?"

Anthu onse a mbali yathu anatembenukira kwa ine. Wina anandigwira paphewa kuti ndidzuke. Ndinamuchotsa dzanja.

"Sindinamulere ine," ndinatero mokweza, kuti ndi a ku Kanjedza omwe amve. "Amene anamulera ali ku Bangwe, akugulitsa nyemba."

Ndinakhalabe pampando wanga, manja pa chikwama, Thandie ali chigwadire ndi keke yake.